Zimene ndapeza pa ulendo wa gulu ku Italy

Miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa ngati munthu woyenda pagulu ku Italy amakhala ndi nthawi yokwanira yoona zojambula ndi ziboliboli, komanso ngati amatha kudzisankhira chakudya. Tsopano ndabwerako, ndipo ndikuthokoza nonse amene munandilangiza.

Malangizo oti tigule matikiti nthawi idakalipo anatithandiza kwambiri mumzinda wa Florence, chifukwa tinalowa m'nyumba yoonetseramo zojambula ndi ziboliboli yotchedwa Galleria dell'Accademia osaima pamzere wautali. M'menemo muli chiboliboli cha David, chotalika mamita oposa 5, chimene mmisiri wotchuka Michelangelo anamaliza kusema mu 1504. Kunena zoona, mphindi zochepa zimene wotitsogolera anatipatsa sizinandikwanire, moti ndinabwererako ndekha tsiku limene anatimasula kuti aliyense ayende kumene akufuna, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mitsempha ya padzanja imene mmisiriyo anaisema pamwala. Amene mukukonza ulendo dziwani kuti malowa, pamodzi ndi Uffizi, nyumba ina yoonetseramo zojambula mumzinda womwewo, satsegula Lolemba.

Ku Vatican, m'tchalitchi chotchedwa Sistine Chapel salola kujambula zithunzi, ndipo zovala ziyenera kuphimba mapewa ndi mawondo.

Kumbali ya chakudya, chamadzulo tinkadyera pamodzi koma chamasana aliyense ankadzisankhira. Chimene chinandidzidzimutsa ndi ndalama yotchedwa coperto, imene malesitilanti ambiri amawonjezera pa munthu aliyense wokhala patebulo.