Chikwama changa cha ukonde chikutanuka, nditani?

Amayi anzanga oluka, ndigawireniko nzeru. Ndaluka chikwama cha mabowo ngati ukonde ndi ulusi wa thonje, choti ndizinyamuliramo zamsika ku Nchalo. Majumbo andikwana: ndi dzuwa la kuno ku Chigwa, tomato amafika kunyumba atafewa kale.

Koma ndikangoikamo mbatata pang'ono, chikwamacho chimatanuka mpaka kugunda m'mawondo, zogwirira n'kumandicheka paphewa. Pansi ndinaluka mothithikana, m'mbali ndimasiya matcheni asanu (timfundo tolumikizana ngati unyolo) pa bowo lililonse. Kodi ndichepetse akhale atatu, kapena singano yanga ya 4 mm ndiyo yakula? Nanga zogwirira ndiphatikize ulusi uwiri?

Kuchapa ndikuopanso, paja thonje limabwerera likalowa m'madzi. Zoti ndimasule chonse ndiye ayi, chinandidyera sabata yathunthu.