Mpanda uja wa ku Machinjiri tamaliza

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndimange mpanda wautali wa njerwa kapena wamakono uja wa khoma lalifupi ndi zitsulo pamwamba. Ntchito yatha tsopano.

Ndinatsata maganizo a bambo aja amene anati ndiphatikize zonse ziwiri. Kumsewu tamanga khoma la mabuloko a simenti lolekeza m'chiuno, pamwamba pake zitsulo zoimirira zopaka penti wakuda, zimene anawotcherera mnyamata wina wa ku Ndirande. Mbali zitatu zinazo ndi khoma lathunthu, pafupifupi mamita awiri. Njerwa zootcha ndinazisiya, mabuloko amakwera msanga.

Mayi amene munandikumbutsa za madzi, Mulungu akudalitseni. Puloti yathu ndi yotsetsereka, ndipo tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy anagwetsera makoma mu Blantyre muno mu 2023. Mmisiri anaika timapaipi m'munsi mwa khoma kuti madzi azituluka, komanso zipilala zachitsulo mkati pa mamita atatu aliwonse. Mvula yamphamvu itagwa posachedwapa, madzi anangodutsa osadikha kuseri kwa khoma.

Waya wamagetsi woteteza ku akuba sindinaike. Popanda batire yodalirika, magetsi akazima wayayo amangokhala chokongoletsera.

Amene mukufuna kumanga, pezani kaye mabikoni (zizindikiro za malire) a puloti yanu aneba ali pomwepo, musanakumbe maziko. Zitsulo muzipake red oxide (penti woyamba woteteza ku dzimbiri) musanapake penti wina, apo ayi dzimbiri silichedwa. Chovuta cha mpanda wotsegukawu n'chakuti wodutsa aliyense akuona zovala zathu pachingwe, ndiye tabzala maluwa oyanga a bougainvillea kuseri kwa zitsulozo.