Za gitala yanga ija ya ku Ngabu

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake gitala yanga inayamba kunjenjemera mawu, tizitsulo ta pakhosi n'kumandikala zala. Zikomo nonse amene munayankha. Munalondola, vuto linali kuuma kwa thabwa. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Chikwawa mukukudziwa, ndiye gitalayo inkakhala pakhoma, pafupi ndi malata.

Thabwa la gitala limafuna mpweya wa chinyontho cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikachepa kwambiri limanyala, pamwamba pamalowa m'kati, nsambo n'kumagunda tizitsulo, mwinanso kung'aluka kumene. Ndinaika siponji yonyowa, yofinya bwino, m'kabokosi ka sopo koboolaboola, n'kutsekera limodzi ndi gitala m'chikesi chake. Madzi asakhudze thabwa ayi. Mawu abwerera ndithu, ngakhale tizitsulo tina tikadali tosongoka pang'ono.

Achimwene a ku Nsanje amene mukufuna kugula gitala, ine ndingasankhe ya pulayiwudi. Ya thabwa lenileni imalira mokoma, koma nyengo yathuyi siipirira. Mvula ikayamba siponjiyo ndichotsa, chifukwa pamenepo chovuta chimakhala dzimbiri pa nsambo.