Mbale ya Tony Blackburn ndingaipeze kuti?

Abale ndithandizeni. Agogo amene ndimawasamalira kuno ku UK amamukonda koopsa Tony Blackburn, Loweruka m'mawa wailesi sichoka pa Radio 2 akamaulutsa Sounds of the 60s. Akuti anayamba kumumvera mu 1964 ali pa Radio Caroline, wailesi ija inkaulutsira pa sitima panyanja, kenako ndi yemweyu anatsegulira Radio 1 mu 1967. Ndiye dzana akundiuza kuti mkuluyu ankaimbanso, nyimbo yake So Much Love inalowa mu Top 40 mu 1968, akufuna mbale yeniyeni ya galamafoni, za pa YouTube akukana. M'ma charity shop ndazungulira osaipeza, pa eBay ndikuopa kugula yokandika yomangodumpha. Amene munagulapo mbale zakalezi, mumagula kuti ndipo zimakhala ndalama zingati?