Masamu ndakhoza papepala koma kompyuta yandithetha

Wophunzira wa ku Ndirande:

Ndikupempha thandizo kwa inu amene munazolowera kulemba ntchito ya masamu pa intaneti. Ndimaphunzira zowerengera ndalama madzulo pa koleji ina mumzinda muno, ndipo chaka chino aphunzitsi ayamba kutipatsa ntchito ya kunyumba pa pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa Moodle. Lachitatu usiku panali funso loti munthu wasungitsa K150,000 pa chiwongola dzanja cha 12 peresenti chimene chimaphatikizidwa ku ndalamazo chaka chilichonse, ndiye pakatha zaka 3 adzakhala ndi zingati. Ndinawerengera papepala, ndinabwerezanso pa kalikyuleta, ndipo konseko ndinapeza 210,739.20. M'kabokosi ka yankho ndinalemba K210,739.20 monga timalembera m'mabuku a ndalama, koma sindinapatsidwe malikisi. Poyesa kachiwiri ndinaganiza kuti mwina akufuna nambala yofupikitsa, choncho ndinalemba 210000, ndipo anandithethanso. Mwayi unali wa maulendo awiri okha. Zandiwawa kwambiri chifukwa ndinakhalira funsoli mpaka pakati pa usiku, magetsi atazima, foni yatsala pang'ono kuthima. Kodi ndinalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa masamu, Chilomoni:

Achimwene, masamu anu ndi olondola, ndipo ndawerengera ndekha kuti nditsimikize: 1.12 × 1.12 × 1.12 ndi 1.404928, ndipo mukachulukitsa ndi 150000 mupeza 210739.2. Vuto lili pa kalembedwe. Mphunzitsi akamachonga ndi cholembera amawona chimene mwana akutanthauza, koma kompyuta imangotenga zimene mwalemba n'kuziyerekeza ndi nambala imene inasungidwa. Ikapeza K kutsogolo, pamene amene anakonza funso sanaiuze kuti iyembekezere chilembocho, imalephera kuzindikira kuti mwalemba nambala.

Mpatuliro nawo ndi woopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Ife kuno timaugwiritsa ntchito polekanitsa masauzande, koma ku Mozambique, ku France ndi ku Germany mpatuliro umagwira ntchito ya kadontho ka desimo, moti 1,500 kumeneko ndi chimodzi ndi theka. Mapulogalamu ngati Moodle amagwiritsidwa ntchito m'mayiko onsewo, ndiye pali ena amene angawerenge mpatuliro wanu mwanjira imeneyo. Ine ana anga ndimawauza kuti alembe manambala okhaokha ndi kadontho kamodzi, popanda mpatuliro, mpata kapena chilembo, pokhapokha funso litanena kuti alembe ndi muyeso womwe. Mukanalemba 210739.20 ndikukhulupirira kuti mukanakhoza.

Yankho lanu lachiwiri ndiye linali lolakwika ndithu, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino. Funso lililonse lotere limakhala ndi malire a kusiyana kumene likhoza kulola. Pa pulogalamu ina yotere yotchedwa WeBWorK malirewo amakhala 0.1 peresenti ngati wokonza funso sanawasinthe, pa inanso yotchedwa WebAssign amakhala 2 peresenti, pomwe pa Moodle mphunzitsi amaika yekha ndipo akhoza osalola kusiyana kulikonse. Nambala yanu ya 210000 yaperewera ndi 739.20, pafupifupi 0.35 peresenti, choncho ikanadutsa pa WebAssign koma ikanakanidwa pa WeBWorK. Mwa ichi, musafupikitse nambala muli pakati pa ntchito. Amene angadule 1.404928 kukhala 1.40 asanachulukitse adzafika pa 210000 yomweyo akuganiza kuti wakhoza. Zisiyeni zonse mu kalikyuleta, mufupikitse pomaliza, ndiponso mufupikitse monga funso lanenera.

Wophunzira zauinjiniya, Chirimba:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndingowonjezerapo zimene zinandionekera ineyo polemba pa foni. Tsiku lina ndinakopera yankho kuchokera pa uthenga wa WhatsApp umene ndinadzilembera, osadziwa kuti kamzere kamene kanali kutsogolo kwa nambala sikanali chizindikiro cha kuchotsera koma kamzere kena kotalikirapo. M'maso ziwirizi zimafanana, koma kwa kompyuta ndi zinthu zosiyana. Kuyambira pamenepo ndimalemba yankho ndi zala zanga, ndipo ndimaliwerenganso ndisanatumize.

Manambala aang'ono kwambiri nawo amavutitsa. Nambala ngati 0.00032 mukhoza kuilemba 3.2E-4, koma pa WeBWorK E ameneyo ayenera kukhala wamkulu, chifukwa e wamng'ono amaimira nambala ina ija ya 2.718. Muziyang'ananso pamwamba pa galasi la kalikyuleta ngati pali D (madigiri) kapena R (ma radian), popeza sin 30 imapereka 0.5 pa madigiri koma imapereka -0.988 pa ma radian.

Mayi wa ku Bangwe:

Ine si katswiri wa masamu, ndine kholo chabe, koma mwana wanga anakumana ndi zofananazo. Iye anajambula sikirini yosonyeza zimene analemba, anatenga pepala limene anawerengerapo, n'kupita kwa aphunzitsi ake mwaulemu. Iwo atawona kuti njira yonse inali yolondola anam'bwezera malikisi. Pitani msanga, mwanawe, musadikire kuti teremu ithe.

Wophunzira wa ku Ndirande:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, mayi ndi achimwene a ku Chirimba. Pepala lija ndikanali nalo, ndipo Lolemba ndipita nalo. Ndili ndi funso linanso, chifukwa ntchito ya sabata ino ikufunsa mlingo wa chiwongola dzanja. Ngati ndapeza 12 peresenti, ndilembe 12 kapena 0.12?

Mphunzitsi wa masamu, Chilomoni:

Yang'anani pambali pa kabokosiko. Ngati chizindikiro cha % chilipo kale, kapena funso lanena kuti muyankhe mwa peresenti, lembani 12 basi osawonjezera chizindikirocho. Ngati lanena kuti muyankhe mwa desimo, lembani 0.12, ndipo ziro wa kutsogoloyo musamusiye kuti kadontho kawoneke bwino. Pamene funso silinanene chilichonse, afunseni aphunzitsi anu musanawononge mwayi woyamba, ndipo mayi a ku Bangwe anena zoona kuti aphunzitsi ali ndi mphamvu yosintha malikisi amene makina apereka. Mukamapita Lolembalo, muwapemphenso kuti akuuzeni malire amene anaika pa mafunso a ndalama, ngati akufuna yankho lofika pa tambala kapena pa kwacha yathunthu.