Mtela wopanda chizimba, tanthauzo lake nchani?

Akuluakulu ndithandizeni apa. Agogo anga ku Ntcheu akaona mwana wadzicheka ndi khasu ankangothyola masamba a chisoso, kufikisa m'manja nkufinyira madzi ake pabalapo, kenako amati "uwu ndi mtela wopanda chizimba". Mtela ndikudziwa ndi mankhwala, koma chizimbacho nde chani kwenikweni? Ndikunena chisoso chomwechi chomera m'mizere nthawi ya dzinja, kaduwa kachikasu pakati koyera m'mbali, njere zake zakuda zija zomata pa thalauzi ukadutsa m'munda.

Yankho 1: Chizimba ndi chomwe asing'anga amaonjezera kuti mankhwala agwire ntchito, mizu payokha amati ilibe mphamvu mpaka uikepo kanthu, kaya chikopa cha nyama inayake kaya nthenga kaya chikamba cha fulu, nde agogo anuwo amatanthauza kuti chisoso sichifuna zonsezo, chimagwira chokha, aliyense atha kuthyola osapita kwa ng'anga osalipira nkhuku.

Yankho 2: Eeh koma mwaiwala mbali ina achimwene. Kwathu ku Dowa chizimba sichinthu chogwirika chokha ayi, ngakhale lamulo lomwe wakupatsa sing'anga, zoti usacheuke pobwerera, kapena zoopsa zija za okhwima ofuna chuma, timati chizimba. Nchifukwa chake mawuwa anthu amawatchula motsitsa. Ife chisosocho timati kanzota.

Yankho 3: Ine ndingoonjezera za chomeracho. Asayansi amati Bidens pilosa, ndi banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi maluwa a deliya, ndipo chomwe mukuti duwa limodzicho mukachiyang'anitsitsa ndi timaluwa tambirimbiri tounjikana pamodzi, kalikonse ka pakatipo kamabala njere yake yokhala ndi timinga kunsonga. Chodabwitsa nchoti chinachokera ku America kotentha, si chathu chenicheni, chinafalikira ndi kumata komweko. Ena amawiritsa masamba nkumwa m'mimba mukamapota. Koma bala lakuya la khasu kapena msomali pitani kuchipatala abale, kafumbata samva chisoso.

Yankho 4: Inu mukuti mankhwala, ife ndi ndiwo kkkk. Nsonga zanthete zisanachite maluwa, kutendera ndi nsinjiro, zina kufutsa kusungira mwezi wa Okutobala. Chikakula chimawawa.

Zikomo nonse, Yankho 1 ndi lomwe likugwirizana ndi mmene agogo ankayankhulira, anali munthu wa mpingo osakonda za asing'anga. Koma a ku Dowa, chizimba cha lamulocho munthu akachiphwanya amati mankhwala asuluka kapena amamutembenukira mwini wake?