Msonkhano wa AfCEM ndi ma pointi a CPD, ife a kumudzi tiyambire pati?

Kiliniko_wa_kutsidya:
Moni akuluakulu. Ndine clinical officer pa health centre ina mbali ya ku Makanjira kuno. Odwala amene amandisowetsa tulo ndi a emergency, wa kabaza wagundana ndi lole mwendo wathyoka magazi ali chuu, mwana wabwera akukomoka ndi malungo, msodzi ng'ona yamugwira, ndiye ambulansi kuti ikafike ku boma nthawi ya mvula mseu wake mukuudziwa nokha. Ndamva za AfCEM, msonkhano wa mu Africa wa za chithandizo cha emergency, kodi munthu ngati ine ndingapite bwanji, nanga phindu lilipo? Ma pointi a CPD (a maphunziro opitiriza tili pa ntchito) a ku Medical Council nawonso akundiperewera. Zondiwawa nzakuti misonkhano yambiri ya zaumoyo imachitikira kwathu konkuno mmahotela a mmbali mwa nyanja koma ife timangomva kuti kunali msonkhano anthu atabalalika kale.

Sisita_casualty:
Achimwene musathamangire ndege kaye. ETAT, trening'i ija yosankha ndi kuthandiza msanga ana odwalitsitsa, munapanga liti? Ndikufunsa dala chifukwa ambiri tinaphunzira kale kale ndiye tikuyendabe ndi za nthawi imeneyo. Paja kale mwana akabwera thupi latentha akuoneka ngati ali mu shock timangotsegula dilipi bolus basi (madzi ambiri mumtsempha nthawi imodzi), koma kafukufuku wa FEAST wa mu 2011 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anapeza kuti ana opatsidwa bolus amamwalira ambiri kuposa osapatsidwa. Mu 2016 WHO inakonzanso malangizo, pano bolus ndi ya mwana amene ali ndi zizindikiro zonse zitatu, manja ozizira, capillary refill (kubwerera kwa magazi mukafinya chikhadabo) yopitilira masekondi 3, ndi pulse yofooka yothamanga, ndipo mumapereka 10 mpaka 20 ml pa kilo pang'onopang'ono kwa mphindi 30 mpaka 60. Kutsegula mmimba kotha madzi ngati kolera ija inatisautsa 2022 ndi 2023 ndi nkhani ina, kumeneko ndi Plan C, ndondomeko ya dilipi ya wotha madzi kwambiri m'thupi.

Ndipo ETAT yo mizu yake ili konkuno, ku Queens ku Blantyre nthawi ya Prof Elizabeth Molyneux, atakonza zoti ana azisankhidwa pakhomo wodwalitsitsa awonedwe msanga imfa za ana mu wodi zinatsika kwambiri. Anthu amakwera ndege kukamva zinthu zoti zinayambira pa Ginnery Corner kkkk.

Za akuluakulu funani Basic Emergency Care (BEC) ya WHO ndi ICRC (a Red Cross), inatuluka 2018, buku lake ndi laulere pa intaneti. Muli ABCDE (ndondomeko yoyezera wodwala kuyambira njira ya mpweya), ovulala, kubanika, shock ndi wosokonezeka mutu. Trening'i ya ovulala ngati a kabaza aja ndiye Primary Trauma Care, ndi ya masiku awiri okha.

Dotolo_wa_pa_boma:
Asisita anena zoona koma msonkhano musaunyoze. AfCEM amakonza ndi African Federation for Emergency Medicine, imachitika pakapita zaka ziwiri, inayambira ku Accra 2012, kenako Addis Ababa 2014, Cairo 2016, Kigali 2018. Ine ndinali nawo wa ku Kigali. Zokamba za mu holo zambiri ndinaiwala, chimene chinandikhalira ndi nesi wina wa dziko lina amene anandionetsa pa foni fomu yake ya triage (yosankhira wodwala woyamba kuonedwa) ya tsamba limodzi, yofiira yachikasu yobiriwira, ndipo chipatala chake chinali chosowa zipangizo ngati zathu zomwezi. Mpaka pano timalemberana pa WhatsApp.

Kupita kwake ndi kumene kuli nkhani. Tikiti, malo ogona, ndalama yolembetsera, pa salale ya boma simungakwanitse, musadzinamize. Khomo lake ndi abstract, chidule cha kafukufuku wanu chimene mumatumiza ku msonkhano. Tengani rejisitala yanu ija muwerenge ovulala pa kabaza a chaka chimodzi, anafika patapita maola angati, angati anavala chipewa, angati munawatumiza ku boma kapena ku Zomba Central, angati anafera panjira. Zimenezo palibe pulofesa wa ku Cape Town ali nazo, muli nazo ndinu. Chilolezo cha ethics musadumphe, pitani kudzera ku makomiti ovomereza kafukufuku, COMREC kapena NHSRC. Mukalemba yesani kaye ku Research Dissemination Conference ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), ndipo paja KUHeS ili ndi kampasi konkuno ku Mangochi, a family medicine amakhala pompano, kagogodeni akuwerengereni. Abstract ikalandiridwa ndi pamene mumapempha thandizo la ulendo muli ndi chogwira mmanja.

MA_wotopa:
Zonsezi nzabwino koma tinene chilungamo, kalata ya trening'i ikabwera amapita ndi omwewo omwewo, ena odwala anasiya kalekale kuwagwira, akutsata alawansi basi. Akabwerako olo lipoti, chikwama cha msonkhano chokha pa phewa. Ife tili pa kolo.

Sisita_casualty:
Amwene zimenezo zilipo sindikana, koma mukadikira kalata mukalamba. Ife tinayamba tokha Lachitatu mmawa ikatha handover, mphindi 30 basi, timatenga wodwala mmodzi wa sabata imeneyo nkukambirana chinayenda ndi chiyani chinalakwika ndi chiyani, osalozana zala. Tsiku lina timayeserera bag and mask (yothandizira kupuma) pa chidole, ndi oyeretsa omwe ndi alonda amakhalapo chifukwa usiku amene amayamba kumuona wodwala ndi mlonda pa geti. Funsani CPD coordinator wa ku boma akuuzeni kalembedwe kake kuti zizisayinidwa mu logbook. Zowerenga ndiye African Journal of Emergency Medicine ndi Malawi Medical Journal, zonse zaulere, bandulo yokha.

Kiliniko_wa_kutsidya:
Zikomo kwambiri nonse. Adokotala rejisitala yathu nthawi yofikira wodwala sitilemba, ndiyamba kuonjezera kolamu imeneyo mwezi uno. Funso lina, tranexamic acid (mankhwala ochepetsa kutaya magazi) kwa wa ngozi amene akutaya magazi ndizipereka ndisanamutumize kapena akapatsidwe ku boma?

Dotolo_wa_pa_boma:
Ngati muli nayo perekani komweko, 1 g mumtsempha kwa mphindi 10, bola asanapitilire maola 3 chivulalireni, akapitilira musapereke. Kuchokera kwanuko akamafika kuno nthawi imakhala itatha kale. Lembani pa kalata ya referral ola limene mwapereka kuti ife tipitilize dozi yachiwiri. Asisita mutumizireni buku la BEC lija ku inbox, netiweki ya kutsidyako kudawunilodi yekha afika mawa.